Kaseti Yachikasu Ija Siikulemeretsani, Koma Musaitaye

Uthengawu ndi wautali, koma pirirani, ungapulumutse mbuzi ya wina.

Sabata yatha ndinali kwa Maseya ku Chikwawa kukaona msuweni wanga. Ine paja kwathu n'kunyanja, ndiye kutentha kwa kuchigwa kunandikhazika pansi pa mtengo tsiku lonse. Tili pomwepo, iye anatulutsa m'jumbo kaseti yachikasu ya gemu, zija zolembedwa 9999999 in 1. Inapulumuka madzi a Freddy mu 2023 chifukwa anaiika m'chitini kudenga. Munthu wina pa Facebook wamuuza kuti azungu akugula zimenezi mamiliyoni, angotumiza kaye ndalama yolembetsera. Wogula mbuzi anali atapezeka kale.

Ndinamuuza kuti asuweni, dikirani kaye.

M'kasetimo muli Galaga, gemu ija ya kandege kowombera tizilombo totsika m'mwamba. Inapangidwa ndi kampani ya Namco ku Japan mu 1981, kutsatira Galaxian ya mu 1979. Poyamba sinali ya panyumba ayi, linali bokosi lalitali ngati kabati, munthu n'kumaponyamo kobiri kuti asewere. Amene anaisewera akukumbuka chilombo chachikulu chija chimene chimatsitsa kuwala n'kukoka ndege yako, ngati mmene nyali za bambo anga zinkakokera usipa ku chilimira. Ukachiwombera bwino chikutsika, ndege ija imabwerera, ziwiri n'kulumikizana, basi zipolopolo kumatuluka pawiri.

Kuti zakalezi zimagulidwa, n'zoona. Mu Ogasiti 2021 kaseti imodzi ya Super Mario Bros. inagulidwa 2 miliyoni ya ndalama za ku America. Koma mvetsetsani: inali yeniyeni ya Nintendo, yosatsegulidwa chipangidwireni. Osonkhanitsa zakale amafuna zoterozo, kapena bokosi lenileni la Galaga lokhala ndi zam'kati zake zoyambirira.

Zathu zija zinali zokopera. Timakina tathu tinkatsanzira Famicom ya Nintendo ya mu 1983, ndipo makaseti achikasuwo anapangidwa ambirimbiri osawerengeka. Ngakhale 9999999 yo linali bodza, magemu anali ochepa, akungobwerezedwa ndi mayina ena. Ndiye wina akakuuzani kuti muyambe mwalipira kuti akugulireni katundu wanu yemwe, ameneyo ndi wakuba. Kudoko sindinaonepo wogula nsomba akulipiritsa msodzi asanaone n'chambo chomwe.

Koma apa ndiye pagona maganizo anga. Kusakhala ndi mtengo sikutanthauza kuti n'chinyalala. Kaseti ija ndi mboni ya nthawi imene anyamata khumi tinkaunjikana pa TV imodzi yoyendera batire ya galimoto, kudikirana kuti wina afe tilowe ife. Zithunzi zambiri za ku Chikwawa ndi Nsanje zinapita ndi madzi. Zochepa zotsalazi tikazitaya kapena kuzipereka kwa akathyali, ana athu tidzawaonetsa chiyani? Ife Amalawi timafulumira kutaya chakale chikangobwera chatsopano, kenako n'kumadabwa ena akusunga zawo m'nyumba zosungiramo mbiri.

Msuweni wanga mbuzi sanagulitse. Kaseti yabwerera m'chitini, ndipo tikusaka kamakina koti ana ake aione Galaga ikuyenda. Amene muli nako kakugwira ntchito, ndiuzeni.

Tumizani kwa ena asanabedwe.