Seva sidzaza yokha

Mawu akuti "Too many connections" akaoneka pa kompyuta ya kalaliki, kaya m'chipatala kaya mu ofesi pa Boma ku Mzimba, ambiri amathamangira kunena kuti netiweki yavuta. Kawirikawiri vuto limakhala mkati mwa seva momwemo. Timapulogalamu todziyendera tokha usiku, tokopera deta kapena kusonkhanitsa malipoti ochokera kutali monga ku Jenda ndi Embangweni, timatsegula khomo la database, ndiye tikakakamira panjira kapena magetsi akazima kumene tikuyendera, khomolo limatsala losatseka. Ngati palibe wasintha, database ya MySQL imalola malumikizidwe 151 okha, ndipo wolumikizidwa wongokhala chete imamudikira maola 8 isanamudule. Zili ngati munthu woyala chitenje pa benchi kuti asunge malo, n'kupita osabweranso. Ine ndikuti kuzimitsa seva n'kuyatsanso tileke kukuyesa mankhwala. Wina anena kuti odwala ali pamzere, nthawi yofufuza palibe. N'zoona, ndipo sindingamudzudzule m'mawa umenewo, koma kuzimitsako kumafufuta umboni ndiponso kumataya zomwe kalaliki anali asanasunge. Mphindi imodzi ikwanira kulemba SHOW PROCESSLIST n'kuona amene wagona pa "Sleep" chiyambire usiku. Kukweza malire kupitirira 151 kumangochedwetsa vutolo. Kapulogalamu kalikonse kakhale ndi dzina lakelake lolowera kuti kolakwako kadziwike, kadulidwe msanga kakangokhala chete, ndipo wokalemba aikemo lamulo lotseka khomo ngakhale ntchito italephera pakati.