Mafupa a ku Karonga ndi Udindo wa Okumba Nthaka



Tikamakamba za chuma cha pansi pa nthaka, ambiri timaganiza za malasha, miyala ya mtengo wapatali ndi yureniyamu wa ku Kayelekera. Komatu m'nthaka yomweyo muli chuma china chimene chikaonongeka, palibe boma kapena kampani yomwe ingachibwezeretse. Tikunena mafupa a zamoyo zakalekale amene anauma nkusanduka miyala.

Boma la Karonga linadalitsidwa kwambiri pa chuma chimenechi. M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa za miyala Frank Dixey anatola mafupa a nyama yaikulu ya mtundu wa dinosaur, imene inakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Ofufuza atakumbanso ku Mwakasyunguti, nyamayi inapatsidwa dzina latsopano mu 1993, loti Malawisaurus, ndipo mmodzi mwa olemba za iyo anali mwana wa dziko lino, Elizabeth Gomani. Mu 1991, ku Uraha kunapezeka nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka zoposa 2 miliyoni, imodzi mwa zotsala zakale koposa za mtundu wa anthu pa dziko lonse. Ana a sukulu akalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, amaona ndi maso awo chifanizo cha mafupa a Malawisaurus chitaima chiriri.

Tsono taganizani. Nsagwada ya ku Uraha ndi kanthu koti nkukwana m'manja. Inapezeka chifukwa anthu anayenda pang'onopang'ono, atawerama, akuyang'ana mwala uliwonse. Katapila wolambula msewu akanadutsa pamenepo, akanaiphwanya m'kuphethira kwa diso, woyendetsa osadziwa nkomwe. Ngakhale fupa litapulumuka, likachotsedwa pamalo pake popanda katswiri limataya theka la phindu lake, pakuti zaka zake zimadziwika poona dothi ndi miyala imene lagonamo komanso mafupa a nyama zina oyandikana nalo. Fupa lotoledwa pa mulu wa dothi lili ngati mboni imene yaiwala kumene inali.

Ife sitikutsutsa chitukuko. Anthu a ku Karonga ndi Chitipa anadikira msewu wa phula zaka zambirimbiri, ndipo ndife oyamba kunena kuti mayi wodwala ayenera kufika msanga ku chipatala. Sitikulozanso chala kampani iliyonse. Nkhawa yathu ndi ya kayendetsedwe ka zinthu. Malo amene muli mafupawa ndi omwewo amene akukopa a migodi. Ku Chiweta, m'boma la Rumphi, miyala yosunga mafupa a zaka zoposa 250 miliyoni ili m'dera limodzi ndi malasha.

Lamulo lilipo. Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, lomwe linakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, limafuna kuti wokonza ntchito yokumba kapena yomanga adziwitse boma ntchito isanayambe, kuti akatswiri athe kupulumutsa zimene zili pamalopo, ndipo ndalama zake zichokere kwa mwini ntchitoyo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 nalonso limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye. Koma lamulo lokhala m'mabuku ku Lilongwe silingaimitse katapila ku Mwakasyunguti. Amene amayamba kuona fupa si nduna kapena mkulu wa kampani ayi, ndi mnyamata waganyu wogwira piki ndi fosholo. Iye akudziwa kuti ntchito ikaima, tsiku limenelo salipidwa, mwinanso kapitao amuchotsa. Kodi tingamudzudzule akakwirira nkukhala chete? Lamulo limene limadalira kulimba mtima kwa munthu wosauka koposa onse pa ntchito, popanda kumuteteza, silinamalizike.

Choncho tikupempha boma ndi makhonsolo kuti mgwirizano uliwonse wa msewu, mgodi kapena nyumba yaikulu m'madera amenewa uzinena poyera kuti mafupa akaoneka, ntchito iime pa malo okhawo, akatswiri a nthambi yoona zinthu zakale aitanidwe, ndipo antchito alipidwe masiku onse oimawo. Nthambiyi ipatsidwe galimoto ndi mafuta kuti izifika msanga, chifukwa kontirakitala wodikira mwezi wathunthu sadzanenanso kachiwiri. Malipoti a kuunika kuja awerengedwe pa msonkhano wa m'mudzi, m'chinenero cha eni dera, Chinkhonde kapena Chitumbuka.

Kwa inu mafumu, musanalole malo kuperekedwa, funsani ngati akatswiri anayendapo. Ndipo inu nonse, pokumba maziko, chitsime kapena dothi la njerwa, mukaona fupa lolemera ngati mwala, musalizule, musaligulitse kwa alendo odutsa. Lisiyeni pomwepo, ikani chizindikiro, ndipo kadziwitseni mfumu ndi ofesi ya bwanamkubwa.