ZA GALIMOTO YANU: Kadontho ka Pansi pa Injini

Mwezi uno tikambirana za kanthu kamene ambiri timakaona m'mawa koma timangokadumpha: kadontho kakuda kamene galimoto imasiya pabwalo pamene yagona.

Mlamu wanga ali ndi Toyota Corolla yakale imene amadyetsa nayo banja lake. Ataona oilo akudontha, anagula cubu ca silikoni, namasula sampu, ndiyo mbale ya pansi pa injini mmene oilo amakhala. Anapaka silikoni wocindikala ngati phala, namanga mabauti, nathira oilo nthawi yomweyo. Kudontha kunaleka, ndipo anakondwa. Patapita masabata atatu, ali pa ulendo wa ku Chipata, m'mapiri a ku Luangwa, kanyali kofiira ka oilo kanayaka, injini inagogoda, niima. Makanika atatsegula anapeza kuti tizidutswa ta silikoni tatseka sefa imene pampu imayamwira oilo. Kunja kunali kouma bwino, koma mkati injini inali kufa ndi ludzu. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Nchito yoyamba si kumata ai, koma kudziwa cimene cikudontha. Madzulo yalani katoni yoyera pansi pa galimoto, ndipo m'mawa muyang'ane. Dontho lakuda kapena lofiirira, loterera, ndi oilo wa injini. Lofiira kawirikawiri ndi oilo wa giya bokosi ya otomatiki kapena wa ciongolero. Lolemera ndi lonunkha ngati mazira obvunda ndi oilo wa magiya. Lobiriwira kapena la pinki, la fungo lotsekemera, ndi madzi a mu radiyeta. Madzi oyera opanda fungo, mutayenda ndi makina oziziritsa mkati, asakudetseni nkhawa.

Caciwiri, funani gwero lake. Oilo amatsika pansi, ndipo mphepo ya paulendo imam'kankhira kumbuyo. Motero pamene dontho lagwera si pamene pabooka. Injini itazizira, itsukeni, koma musathire madzi pa mawaya a magetsi. Ikauma, wazani paudala wa makanda pa malo amene mukuwakayikira, lizani injini mphindi 10, muizimitse, ndi kuunika ndi toci. Mudzaona kanjira konyowa m'paudalamo. Katsatireni cokwera mpaka pamene kayambira. Nthawi zambiri anthu amanamizira sampu, pamene wolakwa ndi gasiketi ya civundikiro ca pamwamba pa injini, kapena fyuluta ya oilo yosamangidwa bwino, kapena kawashala ka bauti lokhuthulira oilo, kamene kayenera kusinthidwa nthawi iliyonse pamene musintha oilo. Onaninso kavavu kochedwa PCV, kamene kamatulutsa mpweya m'kati mwa injini. Kakatsekeka, mpweyawo umakankha oilo kutulukira m'magasiketi, ndipo ngakhale muike atsopano adzadonthanso.

Tsopano za gasiketi ndi silikoni. Gasiketi ndi kacikopa ka mphira, pepala lolimba kapena citsulo kamene kamakhala pakati pa zitsulo ziwiri zomangidwa pamodzi. Ikakalamba ndi kutentha imauma ndi kung'aluka. Mankhwala ake ndi gasiketi yatsopano basi. Gasiketi ya mphira imaikidwa youma. Mukaipaka silikoni ponseponse imaterereka pomanga. Timadontho tocepa timaikidwa m'makona mokha, pamene zitsulo zitatu zakumana.

Komabe pali injini zambiri za masiku ano, monga zina za Toyota, zimene sampu yake inacoka ku fakitale yomatidwa ndi silikoni, yopanda gasiketi. Pamenepo silikoni ndiye mwini malo. Koma akhale wa injini, wolembedwa RTV pa cubu, wopirira oilo ndi kutentha. Silikoni wa m'bafa ndi wa mawindo, amene amanunkha ngati viniga, ali ndi asidi amene amadya zitsulo, ndipo sapirira oilo wotentha.

Kamatidwe kake ndi aka. Palani zakale zonse ndi copalira ca pulasitiki, pakuti mpeni umakanda aluminiyamu ndi kutsegula njira yatsopano ya oilo. Pukutani mbali zonse ziwiri mpaka ziume, popanda ndi kamafuta komwe, cifukwa silikoni sagwira pa mafuta. Finyani mzere umodzi wosaduka, wonenepa mamilimita 2 kapena 3, wodutsa mkati mwa mabowo a mabauti. Phatikizani msanga asanayambe kuuma pamwamba. Mangani mabauti pang'onopang'ono, kuyambira pakati kupita kumbali, mopingasa, kuti citsulo cikhale mofanana. Mabauti ang'onoang'ono amenewa safuna mphamvu za munthu wolima. Mukawathinitsa koposa amaduka kapena kupinda sampu. Kumbukirani kuti silikoni amene mwaona atafinyikira kunja, wina wocuruka cimodzimodzi wafinyikira mkati, ndipo ndi yemweyo anapha injini ya mlamu wanga.

Mukatha, dikirani. Silikoni amauma ndi cinyontho ca mu mpweya, ndipo mitundu yambiri imafuna maola 24 kuti ilimbe kwathunthu. Werengani malangizo a pa cubu musanathire oilo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali malo atatu amene silikoni sayenera kufikako. Oyamba ndi gasiketi ya silinda hedi, imene imalimbana ndi moto weniweni. Mukaona oilo wasanduka ngati tiyi wa mkaka, kapena utsi woyera wosaleka ku ekizozi, kapena madzi a mu radiyeta akucepa popanda dontho pansi, pitani kwa makanika wodziwa nchito yake. Aciwiri ndi mapaipi ndi thanki ya petulo, pakuti petulo amafewetsa silikoni, ndipo kadontho kamodzi pa ekizozi yotentha ndi moto. Acitatu ndi mabuleki. Mukaona mkati mwa tayala mwanyowa ndi madzi oterera, ndipo buleki ikumira pansi mukaiponda, galimoto imeneyo isanyamule munthu mpaka paipi kapena mphira zake zitasinthidwa.

Mau awiri a cenjezo kwa makolo. Musatsegule citseko ca radiyeta injini ili yotentha, cifukwa madzi owira amathuvuka ndi kuocha nkhope ndi manja. Ndiponso madzi obiriwira aja ndi otsekemera koma ndi poizoni woononga impso. Akatayika pabwalo pamene ana ndi agalu amasewera, thiranipo mcenga ndi kuwola, ndipo botolo lake likhale patali ndi ana.

Mlamu wanga anakhala miyezi iwiri galimoto ili pa miyala, akusonkhanitsa ndalama zokonzera injini, pamene ana anali kuyembekeza fizi ya sukulu. Akanafunsa, cubu comweco ndi tsiku limodzi lodikira zikanam'kwanira. Safunsa anadya phula. Inu yalani katoni usiku uno, ndipo Loweruka lililonse solola kamtengo koyesera oilo muone pamene wafika.

Mwezi wa mawa tidzakamba za madzi a mvula olowa m'galimoto kudzera m'zitseko ndi pa galasi la kutsogolo. Tsalani bwino, ndipo muyende mosamala.