Timabokosi ta chemistry ndi phiri la Songwe

Anzanga a humanities, mumaseka a chemistry akamajambula timabokosi pa bolodi, ati masewera a ana. Lekani.

Kabokosi kaja amati unit cell, kagawo kakang'ono kamene kamabwerezedwa m'mwala wonse. Atomu ya pakona imagawanidwa ndi mabokosi 8, ndiye umangowerenga 1/8 yake. Ya pakhoma ndi theka, ya m'mphepete ndi 1/4, ya pakati ndi yako yonse. Yesani mchere wa m'ndiwo: chlorine wa m'makona 8 ndi m'makoma 6 akukwana 4, sodium wa m'mphepete 12 ndi mmodzi wapakati akukwananso 4. Mmodzi kwa mmodzi, NaCl. Ine wa history ndinazimvetsa madzulo amodzi okha.

Tsono kwathu ku Phalombe, m'phiri la Songwe, muli mwala wa synchysite, wosunga neodymium yemwe amapangira maginito a galimoto zamagetsi. Boma linasainirana mgwirizano ndi Mkango Resources mu 2024. Ife tili kalikiliki pa Facebook, ati atibera. Atibera chiyani, chochuluka bwanji? Funsani wokuwayo fomula ya synchysite, muone mmene athawire ku nkhani ya atsamunda.