Aircon iyesedwe dzuwa lili paliwombo

Abale, Disembala akamayandikira, ambiri a ife okhala ku Zandspruit ndi ku Cosmo City timayamba kusakasaka galimoto yakaunjika yopitira kumudzi. Matayala timayang'ana, injini timamvetsera, koma aircon timangoyatsa, kutchera dzanja pakamphepo, n'kuvomera kuti ili bwino. Ine ndikuti kuyesa kotereku n'kudzinamiza.

Johannesburg ili pamalo okwera mamita oposa 1,700, ndipo m'mawa kumazizira ngakhale m'nyengo yotentha. Pamenepo aircon yofooka imaoneka ngati yamphamvu. Koma msewu wakwathu umatsikira ku Musina ndi Beitbridge, kenako Nyamapanda ndi Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Chikomekome cha nkuyu chimadziwikira kumeneko, ana ali thukuta kamukamu kumpando wakumbuyo.

Pitani masana, galimoto itakhalitsa padzuwa. Lizani injini, tsekani mawindo, ikani aircon pozizira kwambiri, ndipo dinani batani lozungulitsa mpweya wam'kati. Lowetsani themomita pabowo lapakati lotulukira mphepo. Pakatha mphindi khumi, izionetsa madigiri 10 kapena kutsikirapo. Tsekulani boneti muone ngati kompuresa ikugwira, ndiponso ngati fani yakutsogolo ikuzungulira. Yesani galimoto ikuyenda, muyesenso itaima, pakuti ina imazizira pamsewu pokha, ikafika pamzere wa pachipata n'kuyamba kupuma mpweya wotentha.

Wogulitsa akanena kuti "yangotha gasi", musafulumire kukhulupirira. Gasi wa aircon, yemwe m'magalimoto ambiri akale ndi R134a, sapsa ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Akachepa kwambiri, ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo wothirayo adzathanso. Makaniko ayambe wapeza podonthapo, mtengo wokonzera uchotsedwe pa mtengo wa galimoto.

Ena amati aircon n'chinthu cha anthu olemera, ife tidzatsekula mawindo. Galimoto ikaima maola angapo pa Beitbridge, windo silibweretsa mphepo. Dalaivala wotopa ndi kutentha amawodzera. Mvula ikagwa, aircon yomweyo ndiyo imaumitsa nthunzi pagalasi kuti aone msewu.

Ndalama ya ku Joni timaipeza movutikira. Wogulitsa amene akukana kudikira mphindi khumi padzuwa wakuuzani kale mmene galimotoyo ilili.