Wochira Malungo Mlekeni Akhale Phee

Anzanga, ndi inu aphunzitsi athu, ndifuna kunenapo za mnzathu amene wangotuluka kumene m'chipinda cha odwala. Tikamuona atakhala chete pansi pa mtengo wa mango timati ndi waulesi, akuthawa kutchetcha. Ine ndikana.

Malungo ndi matenda onyenga. Mankhwala a LA, amene zipatala za dziko lino zinayamba kupereka mu 2007, amamwedwa masiku atatu okha, ndipo kawirikawiri pomaliza mankhwalawo thupi limakhala litazizira. Koma tizirombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira a magazi ndi kuwaphwanya, ndipo thupi silibweza magazi otayikawo m'masiku atatu ai, pamapita masabata. Ndicho chifukwa chake wochira amapuma wefuwefu pa kamtunda kakang'ono, nachita chizungulire akaimirira msanga. Munthu wotere mukampatsa chikwakwa padzuwa, kapena kumuitanira ku mpira, kodi mufuna agwe?

Koma kukhala phee kumene ndinena ine si kungogona mtima uli m'malere. Ambiri a ife thupi limagona pamene maganizo ali pa mayeso a MSCE, kuwerengera mitu ya masamu imene yatipita. Kumeneko si kupuma. Ndinena kuti munthu akhale pansi, atsamire, namvetsere mpweya wake ukulowa ndi kutuluka. Potulutsa mpweya pang'onopang'ono mtima umagunda mofatsa. Yesani mutagwira mtsempha wa padzanja, mudzamva nokha. Maganizo a mayeso akabwera, ndipo adzabweradi, musalimbane nawo. Bwererani ku mpweya wanu, kapena ku kulira kwa njiwa kuseri kwa hositelo. Mphindi khumi zikwanira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sananene za nkhono yokha.

Ena adzati, "Nanga aulesi enieni sadzabisala m'menemo?" Adzabisala ndithu, awiri kapena atatu; tiwadziwa ndi maina omwe. Koma nkwabwino waulesi mmodzi apulumuke chikwakwa kusiyana ndi kuti wodwala akomoke m'munda.

Tsono ndipempha aphunzitsi oyang'anira hositelo kuti wochira azipatsidwa kakalata komuchotsa pa ntchito zamanja ndi masewera kwa sabata imodzi, ndi kuti mapulifekiti azikalemekeza. Ife anzake timlembere manotsi, ndipo akakhala chete pansi pa mango paja tisathamangire kukamfunsa ngati akuganiza za chibwenzi.