Bungwe Ndi la Mamembala, Manijala Ndi Wanchito

Ciyambire mu 2022, pamene Boma linakweza ndalama za citukuko za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, makopaletivu ndi makalabu abadwa ambiri m'midzi ndi m'makomboni momwe. Pambuyo pao pabwera anthu ndi makampani odzipereka kulemba mapepala opemphera ndalama, kusunga mabuku, ngakhale kuyendetsa bungwe lonse mwa malipiro. Kodi n'canzeru kupatsa munthu wakunja nchito imene kale inali ya wakumpando, mlembi ndi msungicuma?

Kukaniratu akatswiri ndiko kuiwala kumene dziko lino lacokera. Mu Januwale 1965 pa Chifubu ku Ndola, Mtsogoleri woyamba wa Zambia, Dr Kenneth Kaunda, anapempha anthu kuti apange makopaletivu. Anthu anavomera mwaunyinji, koma ambiri a mabungwe amenewo anafa pasanapite zaka zambiri. Manja ogwira khasu analipo. Amene anacepa ndi anthu odziwa kulemba mabuku a ndalama, kuwerengera ngongole ndi kusamala katundu wa gulu. Sanalakwe akulu ponena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Makomboni a mu Lusaka ali ndi phunziro limene alimi a ku Petauke, Katete ndi Lundazi angatolepo nzeru. Komboni ya Kanyama inamangidwa pa thanthwe la mwala wa laimu lokhala ndi ming'alu, kotero kuti m'dzinja zonyansa za m'zimbudzi zimalowa mosavuta m'zitsime zosazama. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndi thandizo la CARE International, zitsime zakuya, matanki ndi mipopi zinaikidwa m'manja mwa bungwe la Kanyama Water Trust. Nchitoyo sinasiyidwe kwa komiti ya anthu ongodzipereka. Panasankhidwa bodi mokhala oimira anthu a m'komboni pamodzi ndi a Khonsolo ndi a kampani ya Lusaka Water, ndipo pansi pa bodiyo panalembedwa manijala, owerengera ndalama ndi amisiri a mapaipi, olipidwa kucokera ku ndalama zogulitsa madzi. Makonzedwe otere anacitikanso ku Chaisa, Chibolya ndi Garden.

Sikuti mabvuto onse anatha ai. Kolera amene anasautsa Kanyama mu 2017 ndi 2018, ndi uja wa mu 2024 pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, anaonetsa kuti madzi abwino anali asanafike pa khomo lililonse. Koma cinthu cimodzi cinakhazikika bwino pa makonzedwe amenewa: katswiri anapatsidwa nchito, umwini sanapatsidwe. Manijala anali ndi womufunsa.

Kumene mfundo imeneyi yaiwalika, misozi yagwa. Banki yaikulu ya dziko lino, Bank of Zambia, yacenjeza kangapo za makampani odzicha dzina la village banking, amene amasonkhanitsa ndalama kwa anthu osadziwana nalonjeza phindu lalikulu m'masiku owerengeka. Cilimba ca amai a pa msika ku Matero kapena ku Chawama cimalimba cifukwa aliyense adziwa khomo la mnzace ndipo ndalama ziwerengedwa onse akupenya. Mabuku akatsekeredwa mu ofesi ya m'tauni, mamembala amasanduka oomba ng'oma, wocenjera nabvina.

Motero bungwe lofuna kulemba kampani liyambe lakhala pansi ndi kumanga mfundo zace. Pangano likhale lolembedwa, lonena malipiro poyera, la nthawi yodziwika, ndiponso lopatsa mamembala mphamvu yolithetsa. Osaina ku banki akhale mamembala osankhidwa pa msonkhano, osati anchito a kampani. Satifiketi ya bungwe ndi buku la maina zikhale kwa mlembi. Wofufuza mabuku pakutha pa caka asakhale wocokera ku kampani yomweyo, pakuti palibe munthu adziweruza yekha. Ndipo pa msonkhano waukulu wa pa caka, ndalama zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe m'Cinyanja, kuti gogo amene anasonkha mtengo wa thumba la nshawa amve kumene ndalama yace yapita.

Gulu laling'ono la anthu makumi awiri silifunika kampani konse. Mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi momwemo amene anatsiriza sukulu angaphunzitsidwe kusunga mabuku ndi alangizi a makopaletivu a pa boma. Bungwe lalikulu lokhala ndi cigayo, nkhokwe kapena galimoto lilembe katswiri ndithu, limlipire bwino. Koma membala aliyense apitirize kufika pa msonkhano ndi kufunsa mafunso, pakuti ndalama zikasowa, ngongole idzatsala pa dzina la bungwe, kampani itapita kale.